Za kagulu kokonza masewera a larp mu Blantyre muno: pitani, koma funsani kaye za pepala lanu

Pali kagulu ka achinyamata mu Blantyre muno kamene kayamba kukonza masewera amene amawatchula kuti larp (live action role-play, masewera oti aliyense amakhala munthu wa mnkhani), ndipo maganizo anga ndi akuti amene angakwanitse ndalama yake apiteko ndithu sadzanong'oneza bondo, koma asanatumize ndalamayo afunse kaye kuti munthu amene akukamusewerayo amulembera zinthu zochuluka bwanji. Nkhani yonse yagona pamenepo. Chakudya, nyumba, zovala, zonsezo anayesetsa, koma chimene ukugula kwenikweni ndi pepala limene akupatse, nde mapepalawo sanali ofanana ayi, ena anali onona ena owonda kwambiri pomwe ndalama tonse tinalipira imodzimodzi.

Kwa amene simunamvepo, izi si zisudzo tinazolowera zija. Enafe tinakula tikupita ku French Cultural Centre kukaonera a Wakhumbata kaya a Kwathu, iwo ali pa steji ife tili pa mipando tikuseka ndi kuomba m'manja. Apa palibe steji, palibe oonerera, palibenso mawu oloweza pamtima. Aliyense amene walowa pa geti ndi wosewera, amapatsidwa munthu woti akhale, ndipo kwa maola angapo umayankhula, kudya, kukangana ndi kumanga mfundo ngati munthu ameneyo, mathero ake palibe amawadziwa olo okonzawo. Tingoti ndi masanje a akuluakulu, kungoti pa masanje tinkagawana pompopompo kuti iwe bambo, iwe mayi, iwe fisi, pomwe apa munthu wakhala pansi masabata ambiri kulemba aliyense, mbiri yake, ngongole zake, amene amamukonda ndi amene sayankhulana naye, nkuzilumikiza zonsezo kuti anthuwa akakumana pabwalo limodzi pasakhale mtendere.

Kunja izi zinakhazikika kalekale makamaka ku Norway, Sweden, Denmark ndi Finland, ali ndi msonkhano wawo wa chaka ndi chaka wotchedwa Knutepunkt umene unayambira ku Oslo mu 1997, ndipo ku Denmark kuli mpaka sukulu, Østerskov Efterskole, imene ana amaphunzira maphunziro awo kudzera mmasewera oterewa. Kumeneko kuli njira ziwiri, kwina umadzipangira wekha munthu wako nkubwera naye, kwina okonza ndi amene amalemba anthu onse nkugawa. Anzathuwa anasankha yachiwiriyi ndipo ndikuona kuti anaganiza bwino, chifukwa munthu woti sanapangepo zimenezi ukamuuza kuti dzipangire wekha, ambiri asankha kukhala mfumu kapena bwana wolemera wopanda vuto lililonse, nkhani nkusowa poyambira.

Kalembetsedwe kake nkosavuta. Umalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, kenako amakutumizira fomu pa foni, ndipo mafunso akewo ndinawakonda: kodi ukufuna munthu wolongolola kapena wofatsa, ungapirire kukalipiridwa pagulu, nkhani za chibwenzi uli nazo bwino kapena ayi, pali chimene sukufuna kuti chikuchitikire olo mwamasewera, umadya chani sumadya chani. Kutatsala masiku ochepa amakutumizira munthu wako pa WhatsApp, wekha, nkukuuza kuti usaonetse aliyense olo akazi ako ngati nawonso akubwera. Tsiku lenilenilo umalandira envelopu ya khaki, muli pepala lomwelo losindikiza, tindalama tabodza ta nthawi ya nkhaniyo ya mu 1959, mapaundi, masheleni ndi matiki poti kwacha inadzabwera mu 1971, komanso kanthu kamodzi ka munthu wakoyo, wina kalata, wina chithunzi, wina khadi la chipani cha Nyasaland African Congress.

Nkhani yake inali ya usiku wa Lolemba pa 2 Malichi 1959, pakhomo pa mkulu wa mpingo wina ku Soche. Mwana wawo wabwerako ku Joni kumene anapita pa Wenela, nde pali phwando lomulandira ndipo ankhoswe a mbali zonse abwera kuti akambe za ukwati wake ndi mtsikana amene anamutomera asanapite. Anthu onse a mnkhaniyi ndi opeka koma nthawiyo ndi yeniyeni. Kamuzu anali atatsika pa Chileka pa 6 Julaye 1958, dziko lonse likuwira kukana Chitaganya chimene anatikakamiza mu 1953, kumapeto kwa Januwale 1959 atsogoleri a Nyasaland African Congress anakumana kutchire kufupi ndi Blantyre pompano Kamuzu palibe, akazitape nkukauza boma kuti kumeneko apangana zopha azungu, amwenye ndi anthu akuda ogwirizana ndi boma, ndipo pofika kumapeto kwa Febuluwale asilikali ochokera ku Southern Rhodesia anali atayamba kale kufika. M'bandakucha wa pa 3 Malichi bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza State of Emergency, Kamuzu anamugwira kunyumba kwake ku Limbe nkumuulutsa kupita ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ena ambirimbiri anawatsekera ku kampu ya Kanjedza ku Limbe. Ifeyo zimenezi timazidziwa, ndi tchuthi chathu cha pa 3 Malichi chija, koma anthu amene tikuwasewerawo sakudziwa, iwo akungomva mphekesera basi, nde ukudya nsima ukudziwa kuti kukamacha ena pabwalo pano akwera lole koma munthu wakoyo mutu wake uli pa ngongole ndi pa ukwati. Amene anasankha usiku umenewu anadziwa chimene akuchita.

Ine anandipatsa mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, mchimwene wake wa mtsikana wofuna kukwatiwayo. Masamba atatu odzaza. Tsamba loyamba ndi mbiri, kuti anaphunzira ku sukulu ya mishoni ya HHI mu Blantyre muno, amavala tayi olo kutenthe bwanji, amanyadira Chingerezi chake koma mumtima zimamuwawa kuti malipiro ake safika mwezi. Tsamba lachiwiri ndi zimene sakufuna anthu adziwe. Anali nawo ku msonkhano wa kutchire uja, osati ngati mtsogoleri ayi, anangomupempha poti amalemba bwino kuti alembe mayina a anthu a mdera lake amene anabwera, analemba mkope la sukulu, kopelo latayika sabata yatha. Ali ndi ngongole ya mapaundi asanu kwa alamu ake amene ndi wapolisi, amuna a achemwali ake aakulu. Tsamba lachitatu muli anthu asanu ndi mmodzi amene akhale pa phwandopo, aliyense ndi mizere iwiri itatu yokuuza mmene umamuonera, uyu munakulira limodzi, uyu umamukayikira, uyu anakulanda mtsikana kalekale ndipo sunaiwale. Pansi penipeni anangolemba zimene akufuna usiku umenewo, kupeza kopelo, kuona kuti ukwati wa mchemwali wake watheka, ndi funso limodzi losayankhidwa lakuti zikafika poti usankhe pakati pa anzako a Congress ndi mtendere wa pakhomo panu usankha chani.

Taonani kuti sanandilembere mawu oyankhula olo amodzi. Anandipatsa chofuna, chobisa, ndi anthu oti ndilimbane nawo, basi. Ndipo luso lawo lenileni ndinadzaliona kuti chinsinsi chilichonse analemba kawiri, theka kwa mwini wake theka kwa munthu wina amene sakudziwa kuti wanyamula chani.

Kope langa lija linali ndi mayi wina wophika kachasu. Cha mma 8 koloko ndikuzungulira kuseri kwa khitchini kufuna madzi osamba mmanja ndinangomva, "Aphunzitsi, tabwerani kuno pang'ono." Mayi uja wakhala pa mtondo wogoneka, nyali ya koloboyi ili pansi, nkumasula mfundo ya chitenje kutulutsa kope lachikuto chobiriwira lopindika pakati. Amvekere, "Kabuku aka ndinatola pa njira ya kumtsinje, ine sukulu sindinapite, ndimati ndiwapatse alamu anu apolisi aja andiwerengere, kapena mundiwerengera ndinu?" Thupi linachita tsembwe zenizeni. Ndinati mayi patseni ndi la ana a sukulu limenelo, iwo nkulibweza mchitenje pang'onopang'ono, amvekere, "Ana a sukulu eti, ngati wanga uja munamuthamangitsa chifukwa cha fizi?" Apo mpamene ndinazindikira kuti nawonso ali ndi masamba awo atatu, ali ndi chofuna chawo, sakudziwa kuwerenga koma akudziwa bwinobwino kuti munthu wa tayi satuluka thukuta chifukwa cha kope wamba. Tinakambirana mtengo monong'ona kwa nthawi ndithu, mwana abwerere ku sukulu, fizi ndilipire ine amene ndili kale ndi ngongole, ndipo kope sanandipatse pompo, anati aone kaye ndikulonjeza pamaso pa malume. Palibe anatiuza kuti tichite zimenezo. Zinachokera mmapepala awiri olembedwa bwino atakumana kuseri kwa khitchini.

Malume amenewo anawasewera bambo wina wachikulire weniweni, wa imvi, ndipo okonzawo anachita mwanzeru kuwapatsa udindo wotsogolera zokambirana za ankhoswe chifukwa mwambo amaudziwa, sanafunike kuphunzitsidwa. Anyamata a Congress atayamba kukweza mawu pa khonde kuti Kwacha, Chitaganya chife, iwo anangogogoda ndodo pansi nkunena kuti "Ana inu, walira mvula walira matope, koma matopewo musawabweretse pa ukwati wa mwana wanga." Bwalo lonse zii. Apa ndiye ndinaona phindu la fomu ija, kuti akaigwiritsa bwino ntchito munthu ndi pepala lake zimakwanirana.

Masewera asanayambe pamakhala ola limodzi lokonzekera ndipo musalijombe. Amakusonyezani mmene anthu ankapatsirana ulemu, wogwada ndani wokhala pa mpando ndani, amakuimikani mmagulu a mabanja kuti mudziwane nkhope poti pa pepala pali dzina lokha. Mafoni onse amatsekera mma envelopu a manambala. Pali liwu limodzi limene aliyense akalinena masewera amaima pompo popanda kufunsa chifukwa, pali chizindikiro cha dzanja chosonyeza kuti ukuyankhula ngati iwe mwini, ndi kachipinda kopumira kwa amene zamukulira. Mowa weniweni kulibe, kachasu anali madzi a mbotolo lakale, chibonga cha wapolisi chinali cha siponji, ndipo kugwirana kulikonse umayamba wafunsa. Zimenezi anazilongosola mosathamanga ndipo ndinaona atsikana ena amene anabwera ndi nkhope zokayikira akumasuka.

Malo ake inali nyumba yakale ya njerwa mbali ya ku Sunnyside, ya khonde lalikulu ndi mitengo ya mango. Anayatsa nyali za palafini zokhazokha moti magetsi atazima pakati pa masewera palibe anadziwa. Galamafoni inali pa thebulo, nyimbo za kwela zikuchokera pa sipika yobisa pansi pake, ndipo kawiri anatsegula wailesi nkumveka nkhani zimene anajambula okha mChinyanja chakale chija motsanzira wailesi ya ku Lusaka imene anthu ankamvera nthawi imeneyo. Chakudya chinali nsima, nkhuku ya lokolo, nkhwani wotendera, mondokwa wootcha ndi thobwa mzikho, chokoma komanso chokwanira. Mipando ya pulasitiki ingapo inaonekera ndipo tchalitchi china chapafupi chinali ndi mapemphero a usiku pa zimkuzamawu, koma izo si zoti ndingawadandaulire kwambiri, mu Blantyre muno malo achete ngosowa.

Chimene chinandipweteka ndi ichi. Ndinapita ndi achemwali anga enieni, munthu wokonda kuyankhula, pa fomu analemba kuti akufuna munthu wa mikangano. Pepala lawo linali theka la tsamba. Mayi woyandikana nyumba, wabwera kudzathandiza kuphika, thandizani kuti alendo adye bwino, mvetserani miseche. Basi. Chobisa palibe, chofuna palibe, munthu olo mmodzi amene pepala lake likutchula dzina lawo palibe, nde tangoganizani, aliyense pabwalopo akuthamangira anthu amene ali pa mndandanda wake, iwo palibe akuwafuna. Anayesetsa kudziponya mnkhani za eni ake koma ukakhala ulibe kanthu mmanja anthu amakuyankha mwaulemu nkupitirira. Mapeto ake usiku wonse anazungulira ndi beseni kusambitsa anthu mmanja ndi kuchotsa mbale, ntchito yeniyeni, atalipira ndalama yofanana ndi ine amene mtima unali kugunda kuseri kwa khitchini. Ndipo sanali okha, amayi ena atatu anali chimodzimodzi, ndi mnyamata wina amene anamupatsa wantchito wa pakhomo anangokhala pa chitsa kusonkhezera moto.

Titamaliza ndinamufunsa mmodzi wa olembawo, mnyamata waulemu ndithu, anandiyankha kuti achimwene nthawi imeneyo amayi sankayankhula pagulu nde tinafuna zikhale zoona. Yankho limeneli ine sindikulivomera. Tulutsani K200 mthumba muone nkhope ili pamenepo. Rose Chibambo ndi amene anasonkhanitsa amayi a Congress zaka zomwezo, ndipo mu 1959 momwemo anamumanga ali ndi khanda la masiku ochepa nkukamutsekera ku Zomba. Amayi ndi amene ankabisa makadi mmadengu a ufa, kuphikira misonkhano, kudziwa amene walowa nyumba ya ndani usiku. Olo tivomereze kuti pa bwalo la ankhoswe ankakhala chete, kukhitchini sankakhala chete, ndipo khitchiniyo ikanatha kukhala ndi nkhani zake zoopsa kuposa za pa khonde. Umboni wake ndi mayi wa kachasu uja, anamulemba ndi anthu omwewa, kusonyeza kuti akafuna amatha. Mtsikana wokwatiwayonso anamupatsa chinsinsi chabwino, kuti mtima wake uli kwa wina, koma sanamupatse njira iliyonse yochitira kanthu, palibe azakhali omuimira, palibe ndalama yothawira, nde anangokhala mchipinda kudikira kuti amuna agwirizane.

Mmene ndikuonera vuto lenileni si mbiri ayi, ndi matikiti. Zikuoneka kuti analemba anthu okwanira bwino kenako anthu atachuluka ofuna kubwera anawonjezera ena mothamanga sabata yomaliza, poti lendi ya nyumba ndi chakudya zimafuna ndalama. Ndikumvetsa, koma munthu wowonjezera mochedwa sangalowe mnkhani pokhapokha ubwerere kukasintha mapepala a ena kuti nawonso amufune, ndipo ntchito imeneyo ndi imene anaizemba. Agulitse matikiti olingana ndi anthu amene alembedwa mokwanira, kapena ngati akufuna odzaza bwalo anene poyera kuti awa ndi malo ang'onoang'ono mtengo wake ndi wotsika, alipo anthu amanyazi amene angakonde zimenezo. Koma kumupatsa munthu theka la tsamba pa mtengo wa masamba atatu osamuuza, ayi, pamenepo akonze.

China chaching'ono, amene anasewera alamu anga apolisi anayamba mofewa kwambiri, amaopa kudedwa, akumwetulira aliyense, nde cha pakati masewera anazizira chifukwa munthu amene tonse timayenera kumuopa sankaopsa. Apa okonzawo anaonetsa kuti ali maso. Awiri mwa iwo anali mkati momwemo ngati anthu wamba, wina mtumiki wa pa njinga wina wogulitsa fodya, nde wa njingayo anabwera ndi kalata yochokera kwa bwana wachizungu wa polisi yonena kuti pofika pakati pa usiku akufuna mayina asanu a anthu a pa phwandopo apo ayi ntchito yatha ndi nyumba ya boma atulukemo. Kuchokera pamenepo bambo uja anasintha, anayamba kuitana anthu mmodzimmodzi kuseri kwa mango. Ndinakondanso kuti sanaveke munthu aliyense kuti akhale mzungu, boma limangofika ngati makalata ndi mawu a pa wailesi, ndipo limaopsa kwambiri choncho.

Nthawi anaifupikitsa, belu likalira ndiye kuti padutsa maola awiri. Kope lija ndinalipeza nditalonjeza pamaso pa malume, ndinaliponya pa moto mnyamata wa pa chitsa uja akuona. Belu lomaliza litalira kunamveka kulira kwa lole pa sipika, mawenzulo, kumenya chitseko, okonzawo atavala makabudula a khaki ndi matochi nkuyamba kuwerenga mayina, ndipo mayinawo sanali okonzeratu, anali omwe aja wapolisi anatolera usiku wonse kuchokera kwa ife tomwe. Langa panalibe. Alamu anga analifufuta poti ndine wa pabanja komanso mwina poti womangidwa sabweza ngongole, mmalo mwake analembapo la mtchona uja, mkwati, munthu woti ku msonkhano wa kutchire kunalibe nkomwe anali ku Joni. Nde ndinaima pa khonde ndi tayi yanga ndikuona akumukoka, mchemwali wanga wa mmasewera akulira zenizeni, ukwati umene ndinauvutikira usiku wonse watha chifukwa choti ine ndapulumuka. Zimenezi palibe anazilemba, ndipo mpaka pano ndimaziganizirabe.

Pambuyo pake amakukhazikani bwalo, aliyense amavula kanthu kamodzi ka munthu wake, chipewa kaya duku, nkunena dzina lake lenileni, kenako tiyi. Mmodzi wa okonzawo anafotokoza mwachidule zimene zinatsatira, kuti anthu oposa 1,000 anamangidwa, pafupifupi 50 anaphedwa mdziko muno kuphatikizapo aja anawomberedwa pa doko ku Nkhata Bay, kuti komishoni ya Devlin imene boma la Britain linatumiza itafufuza inatulutsa lipoti mu Julaye 1959 lonena kuti chiwembu chopha anthu chimene boma linkanenacho panalibe umboni wake, ndipo Kamuzu anatuluka pa 1 Epulo 1960. Anatipemphanso kuyambira pachiyambi kuti ndale za zipani za lero tizisiye pa geti ndipo anthu anamvera. Mayi wina wachikulire anati bambo ake anakhalako ku Kanjedza ndipo kunyumba sankazikamba, mawu anamuthera pakamwa. Apa mpamene panafunika nthawi, koma poti kunali kutada anatithamangitsa, aliyense mawu awiri basi. Ukawatengera anthu kutali choncho uyenera kuwabweza bwinobwino, ndikanakonda akanadula theka la ola ku masewerawo nkuliika apa. Bambo anasewera wapolisi uja anaima payekha ndi kapu yake anthu akumuyang'anabe ndi diso lija, zinatengera malume aja kupita kukamugwira dzanja.

Za mayendedwe konzekeranitu. Tinatuluka cha mma 11 koloko, ma minibasi atatha kalekale, amene alibe galimoto a ku Machinjiri, Bangwe, Chirimba anavutika, ena anakwera kabaza usiku umenewo zimene sizabwino, ena anagawana takisi pa mtengo wowawa. Okonzawo akanapangana ndi minibasi imodzi kapena ziwiri nkuika pa tikiti, kapena ayambe masana. Chimbudzi chinali chimodzi cha anthu onsewo. Zovala amabwereketsa zochepa nde ndi bwino kudzipezera, ine jekete ndi tayi ndinazipeza pa kaunjika ku Limbe motchipa, amayi chilundu ndi duku zikwanira, nsapato valani zoti mutha kuima nazo nthawi yaitali pa dothi. Mapepala amabwera mChingerezi, la Chichewa umachita kupempha, pomwe masewera onse tinasewera mChichewa, ndikanakonda zikanakhala mosemphanitsa chifukwa bambo achikulire aja anachita kuwawerengera mdzukulu wawo, kutanthauza kuti chinsinsi chawo chinadziwika ndi munthu wina masewera asanayambe.

Mtengo wake ndi wofanana ndi chakudya cha anthu awiri ku lesitilanti yabwino mtauni muno, kwa ambiri ndi ndalama yolemera makamaka mmene zinthu zakwereramu, ngakhale ana a sukulu za ukachenjede amawatsitsirako. Kwa amene analandira pepala ngati langa ndalamayo ndi yochepa poyerekeza ndi ntchito imene inalowapo. Simufunika kukhala katswiri wa zisudzo, amene anachita bwino kwambiri usiku umenewo sanali olongolola ayi, anali amene anawerenga pepala lawo mofatsa nkukhulupirira zimene munthu wawo akufuna. Ana aang'ono musawatenge, ndipo amene kumenyedwa kwa zitseko usiku ndi kukuwa kwa apolisi kumawakumbutsa zinazake alembe zimenezo pa fomu, amamva.

Akuti panopa akulemba ina ya mu Meyi 1992, nthawi ya sitalaka imene inayambira ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead nkufalikira mtauni yonse anthu nkuwomberedwa, miyezi iwiri chitulukire kalata ya ma episkopi ija ya mu Malichi. Imeneyo ndi yovuta kuposa ya 1959 chifukwa eni ake alipo, tikukwera nawo minibasi ya ku Ndirande tsiku ndi tsiku, ena anataya abale awo masiku amenewo. Ndinawauza kuti asanalembe munthu olo mmodzi apite kaye akakhale pansi ndi amene ankagwira ntchito ku mafakitale a ku Makata nthawi imeneyo, amuna ndi amayi omwe, awafunse ngati akufuna kuti nkhani yawo iseweredwe komanso kuti iseweredwe bwanji.